Phunziro: Chimene chimachititsa bungwe lothandiza anthu kusinthadi miyoyo

Mukamayenda pa misewu ya m'maboma athu mumaona zikwangwani zambiri m'mbali mwa msewu. China chimati pano pali pulojekiti ya madzi, china chimati pano pali pulojekiti ya mbuzi, ndipo china chinafufutika kale moti dzina la bungwe silikuwerengekanso. Chikwangwani chimatiuza kuti bungwe linafika pamalopo, koma sichitiuza ngati moyo wa anthu a pamalopo unasintha. Phunziro la lero likuyankha funso ili: n'chifukwa chiyani mabungwe ena amasiya kusintha kokhalitsa pamene ena amangosiya chikwangwani? Chitsanzo chathu chachikulu tichitenga ku Bangladesh, dziko la ku Asia, chifukwa ntchito imene inachitika kumeneko inalembedwa bwino, kupambana kwake ndi kulephera kwake komwe. Koma tiyambe tamvana pa mawu.

1. Mawu oyenera kuwadziwa

Bungwe losafuna phindu ndi gulu la anthu amene agwirizana kugwira ntchito yothandiza ena, ndipo ndalama zikatsala sagawana monga achitira eni kampani, koma amazibwezera ku ntchito yomweyo. Izi sizitanthauza kuti antchito ake salandira malipiro, kapena kuti bungwelo silingagulitse kanthu. Kuno kwathu mabungwe otere timakonda kuwatchula kuti mabungwe omwe si aboma. Ku Malawi amalembetsa ku NGORA, nthambi imene inabwera lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, ndipo amayenera kupereka lipoti la ntchito ndi la ndalama chaka ndi chaka.

Ntchito ya bungwe lililonse ili ndi makwerero anayi, ndipo ndikupemphani kuti muwasunge bwino chifukwa tiwagwiritsa ntchito mpaka kumapeto. Loyamba ndi chuma, ndiko kuti ndalama, antchito, magalimoto ndi zipangizo. Lachiwiri ndi zochita, monga kukumba, kuphunzitsa ndi kuchititsa misonkhano. Lachitatu ndi zowerengeka, ndiye zinthu zimene zimaoneka ntchito ikangotha, monga mijigo imene yakumbidwa kapena chiwerengero cha amayi amene anabwera ku maphunziro. Lachinayi ndi kusintha, ndiko kusiyana kwenikweni kumene kwachitika m'moyo wa munthu: mwana amene ankadwaladwala sakudwalanso, mtsikana amene sankatha kuwerenga tsopano akuwerenga.

Mlimi amadziwa makwerero amenewa ngakhale sawatchula mayina. Mbewu ndi feteleza ndicho chuma chake, kugalauza ndi kupalira ndizo zochita, mizere ya m'munda ndiyo zowerengeka, ndipo chimanga cha m'nkhokwe ndiko kusintha. Palibe amene amatamanda mlimi chifukwa cha kuchuluka kwa mizere pamene m'nkhokwe mulibe kanthu. Koma m'malipoti a mabungwe ambiri mudzapeza mizere ikuwerengedwa mosamala kwambiri, nkhokwe osaisuzumira n'komwe.

2. Vuto limene bungwe lililonse limabadwa nalo

Mwini golosale akamagulitsa sopo woipa, ogula amapita kwina, ndipo iye amazindikira msanga chifukwa madzulo ndalama zimachepa m'kabati. Pa golosale wolipira ndi wolandira katundu ndi munthu mmodzi, choncho madandaulo amafika okha kwa mwini wake.

M'bungwe losafuna phindu wolipira ndi wina, wolandira ndi wina. Ndalama zimachokera kwa opereka thandizo, amene mwina ali ku London kapena ku Washington, pamene thandizolo limapita kwa mayi wa kumudzi. Mayiyo alibe njira yolangira bungwe ngati thandizo silinamuthandize, popeza sanalipire kanthu. Ndiponso mwaulemu wathu, alendo akabwera ndi galimoto kudzafunsa za ntchito yawo, timawayimbira nyimbo, timawathokoza, ndipo zodandaula timakakamba iwo atapita. Wopereka ndalama nayenso amangoona lipoti ndi zithunzi. Motero bungwe likhoza kulephera zaka khumi, ndalama zikubwerabe, popanda amene akulidziwitsa kuti likulephera.

Mfundo imeneyi ndiyo msana wa phunziro lonseli. Popeza uthenga wa kulephera sufika wokha, bungwe logwira bwino ntchito limakonza dala njira yoti uthengawo ulipeze, ndipo ukafika limasintha. Tiyeni tione mmene bungwe lina linachitira zimenezi.

3. BRAC ndi matenda otsekula m'mimba

Bungwe la BRAC linayamba mu 1972, nkhondo yomenyera ufulu wa Bangladesh itangotha. Analiyambitsa ndi Fazle Hasan Abed, katswiri wowerengera ndalama amene kale ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Shell. Iye anagulitsa nyumba yake ya ku London n'kuyamba kuthandiza othawa nkhondo amene ankabwerera ku Sulla, dera la kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, powamangira nyumba ndi kuwapezera mabwato ophera nsomba. Ndatchula dala ntchito yake yakale, chifukwa munthu wozolowera kuwerengera ndalama sakhulupirira lipoti asanaone umboni, ndipo khalidwe limenelo analowa nalo m'bungwe. Mu 1975, bungwe lisanakule n'komwe, BRAC inatsegula nthambi yake ya kafukufuku, imene ntchito yake inali kufufuza ngati ntchito za bungwelo zikuthandizadi.

Vuto limene tikufuna kuliona ndi la matenda otsekula m'mimba. Cha m'ma 1980 matendawa ankapha ana oposa 4 miliyoni osakwana zaka zisanu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo Bangladesh linali limodzi mwa mayiko okhudzidwa kwambiri. Chimene chimapha mwana si kutsekula kwenikweniko, koma kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Maso amalowa m'kati, liwombo limalowa, khungu mukalitsina silibwerera msanga. Chipatala chimabwezera madziwo ndi diripi, koma diripi imafuna namwino, singano ndi chipatala chapafupi, zinthu zimene midzi yambiri ya ku Bangladesh inalibe.

Njira ina inali itapezeka kale. Asayansi anazindikira kuti shuga amathandiza matumbo kuyamwa mchere, ndipo mchere ukalowa m'thupi madzi amautsatira, ngakhale munthu akutsekula kwambiri. Mu 1968 madokotala David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza ku Dhaka kuti odwala kolera angathe kuchira pomwa madzi osakaniza mchere ndi shuga pa mlingo woyenera. Mu 1971 dokotala Dilip Mahalanabis, madzi a diripi atamuthera pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India, anamwetsa odwala ake madzi otere, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa anthu osakwana 4. Choncho nzeru inalipo. Chimene chinasowa ndi njira yoifikitsira m'manja mwa mayi amene mwana wake wayamba kutsekula pakati pa usiku, mtunda wautali kuchokera ku chipatala.

4. Njira yoyambira pa zimene anthu ali nazo kale

Akatswiri ambiri a zaumoyo ankafuna kuti anthu azigwiritsa ntchito timapaketi tokonzedwa ku fakitale, ndipo ankakayika kuti mayi wosadziwa kuwerenga angasakanize yekha mankhwalawa. Nkhawa yawo inali yomveka, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Koma timapaketi tokwanira dziko lonse kunalibe, misewu yotifikitsira kumidzi inali yovuta, ndipo malangizo olembedwa pa paketi analibe ntchito kwa amayi ambiri amene sanapite ku sukulu.

BRAC inafunsa kuti m'nyumba ya munthu wosauka mumapezeka chiyani. Munkapezeka mchere, ndiponso shuga wakuda wosayeretsa wochokera ku madzi a nzimbe, amene kumeneko amati gur. Sipuni zoyezera munalibe, koma zala aliyense ali nazo. Atayesa kambirimbiri anapeza mlingo wosavuta kukumbukira: theka la lita ya madzi, mchere wotsina ndi zala zitatu, ndi gur wodzaza dzanja limodzi. Mphunzitsi ankatenga chiwiya cha mayiyo, n'kuikapo chizindikiro pamene madzi ayenera kulekezera, kuti muyezo utsale pa nyumbapo iye atachoka.

Onani kuti bungweli silinabweretse chinthu chachilendo choti chikatha anthu adikire galimoto. Linabweretsa luso lokha, ndipo zipangizo zonse zinali kale m'khitchini. Atayesa njirayi m'midzi yochepa mu 1979, anayamba ntchito yaikulu mu 1980. Magulu a atsikana ndi amayi ophunzirako ankamanga msasa m'dera, n'kuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa mayi mmodzimmodzi, akamaliza n'kusamukira dera lina. Pofika 1990 anali atafika m'makomo pafupifupi 12 miliyoni.

5. Kulipira chimene chatsala m'mutu mwa mayi

Pano ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene pali nzeru imene mabungwe ambiri sanaitolebe. Bungwe wamba likanalipira mphunzitsi molingana ndi chiwerengero cha makomo amene wayendera. Zotsatira zake mukhoza kuzilosera nokha: mphunzitsi akanathamanga, kulankhula mwachidule pa khomo lililonse, kulemba dzina m'kaundula, n'kupita. Makomo oyenderedwa ndi zowerengeka, ndiyo mizere ija. BRAC inkafuna nkhokwe.

Choncho inakonza dongosolo lotere. Patapita pafupifupi mwezi gulu litaphunzitsa m'mudzi, kunkabwera munthu wina wosiyana, woyendera ntchito, amene sankakhala pamodzi ndi aphunzitsiwo. Iye sankalowa m'nyumba zonse, koma ankasankha zochepa mwa nyumba zimene zinaphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi sankadziwiratu kuti zisankhidwa ziti. Woyenderayo ankafunsa mayi mfundo zimene anaphunzira, kenako n'kumupempha kuti asakanize madziwo iye akuona. Ena mwa madziwo ankawathira m'kabotolo kupita nawo ku labotale, komwe ankayeza ngati mchere uli pa mlingo woyenera. Amayi ankaikidwa m'magulu anayi malinga ndi mmene akumbukirira, ndipo malipiro a mphunzitsi ankadalira magulu amenewa. Pa mayi amene wakumbukira zonse ndi kusakaniza bwino, mphunzitsi ankalandira zambiri. Pa mayi amene walephera kusakaniza, mphunzitsi sankalandira kanthu.

Taonani chimene chinachitika. Aphunzitsiwo, popanda wowalamula, anasintha kaphunzitsidwe kawo. Anasiya kulalikira mayi atakhala chete, n'kuyamba kumufunsa mafunso ndi kumupatsa mchere ndi gur kuti asakanize yekha ndi manja ake, chifukwa anazindikira kuti chimene dzanja lachita mutu suiwala msanga. Ine monga mphunzitsi ndimachita manyazi pang'ono ndikafika pamenepa, pakuti ndikudziwa mmene kalasi yanga ikanasinthira malipiro anga akanadalira zimene ophunzira akukumbukira patatha mwezi, osati maola amene ndaima kutsogolo ndi choko.

Tisathamangire kunena kuti antchito onse azilipidwa motere. Njirayi inatheka chifukwa chinthu choyezedwacho chinali chimodzi, chomveka, ndipo labotale sikanatha kunamizidwa. Pa ntchito zina, monga kulimbikitsa mtendere m'mabanja, kulipira motsata zotsatira kungachititse antchito kubisa mavuto kapena kupewa anthu ovuta kuwathandiza. Mfundo yoti titenge ndi yakuti antchito amatsata chimene bungwe limawerenga. Likamawerenga misonkhano lidzapeza misonkhano yambiri, likamawerenga mayina a pa pepala la alawansi lidzapeza mayina ambiri.

6. Amadziwa, koma sagwiritsa ntchito

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo, amayi adziwa kusakaniza, bungwe lilembe lipoti lokoma. Koma kudziwa si kusintha kumene tinatanthauzira poyamba paja. Kusintha ndi mwana wodwala kumwa madziwo. Ofufuza a BRAC anabwereranso m'midzi kukafunsa funso lina: mwana wanu atatsekula posachedwapa, munamupatsa chiyani? Yankho linali lowawa. Pa chiyambi, amayi amene anagwiritsadi ntchito njirayi sanakwane ngakhale mmodzi pa amayi 10 aliwonse, ngakhale ambiri ankatha kusakaniza bwinobwino.

Bungwe lofooka likanabisa chiwerengero chimenechi, kapena likanati anthu akumudzi ndi osamva. BRAC inafufuza zifukwa, ndipo inapeza zingapo. Choyamba chinali m'nyumba mwake momwe: aphunzitsi ena sankakhulupirira madzi amene ankaphunzitsawo, ndipo iwo akadwala ankakagula mapiritsi. Munthu sangakope mnzake pa chinthu chimene iye mwini akuchikayikira. Bungwe linawaphunzitsanso mpaka anamvetsa mmene madziwo amagwirira ntchito m'thupi.

Chachiwiri chinali abambo. Maphunziro onse ankapita kwa amayi, koma m'mabanja ambiri mwana akadwala wogamula zochita ndi bambo, ndipo bamboyo sanamvepo kanthu za madzi amenewa. BRAC inatumiza antchito aamuna kukalankhula ndi abambo m'misika ndi m'mizikiti, inafikira asing'anga a m'midzi ndi ana a sukulu, ndipo inayamba kulengeza pa wailesi.

Chachitatu n'chimene chimandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi nkhani ya chilankhulo. Ofufuza anapeza kuti anthu a kumidzi ankasiyanitsa mitundu inayi ya kutsekula m'mimba, uliwonse ndi dzina lake ndi chifukwa chake: wina wa makanda oyamwa, wina wa chakudya chosagayika, wina wa kamwazi, ndi wina woopsa wofanana ndi kolera. Mawu amene aphunzitsi ankagwiritsa ntchito ankamveka ngati akunena za mtundu woopsawo wokha. Choncho mayi ankasunga luso lake kudikira matenda aakulu, pamene mwana akutha madzi ndi kutsekula kumene mayiyo ankakuona ngati kwa masiku onse. Aphunzitsi anayamba kutchula mitundu yonse inayi ndi mayina ake. Ifenso sitiyenera kudabwa, pakuti kwathu kuno mwana akatsekula timamva kuti akumera mano chabe, kapena kuti ndi liwombo, ndipo mawu amenewo amachedwetsa thandizo.

Lero ku Bangladesh ana oposa 7 pa 10 aliwonse otsekula m'mimba amapatsidwa madzi obwezeretsa mphamvu m'thupi, ndipo dzikoli lili m'gulu la mayiko otsogola pa nkhaniyi. Imfa za ana zinatsika kwambiri, ngakhale tiyenera kunena mwachilungamo kuti katemera, madzi aukhondo ndi maphunziro a atsikana zinathandizanso.

7. Mjigo wa masewera

Tsopano tione mbali inayo, ndipo chitsanzochi chinafika mpaka kwathu. PlayPump unali mjigo wochokera ku South Africa, wopangidwa ngati choseweretsa chozungulira cha ana. Ana akamazungulitsa, madzi ankakwera mu thanki ya pamwamba. M'mbali mwa thankiyo munkaikidwa zikwangwani zotsatsa malonda, ndipo ndalama za otsatsawo ndizo zinayenera kulipirira kukonza mjigowo ukawonongeka. Pa chithunzi chinali chinthu chokongola zedi: ana akuseka, madzi akutuluka. Mu 2000 njirayi inalandira mphoto ya World Bank, ndipo mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena, kuphatikizapo Case Foundation, analonjeza madola 16.4 miliyoni. Cholinga chinali kumanga mijigo 4,000 pofika 2010. Inamangidwa ku South Africa, Mozambique, Malawi, Zambia ndi mayiko ena.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choseweretsa chenicheni mukachikankha kamodzi chimazungulira chokha kwa kanthawi, ndipo ndi pamene pali chisangalalo. Koma cha PlayPump mphamvu yake inkapita kokoka madzi pansi, choncho chinkafuna kukankhidwa kosalekeza, ndipo ana ankatopa. Komanso madzi amafunika kwambiri m'mamawa ndi madzulo, osati nthawi imene ana akufuna kusewera. Mapeto ake amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ndiwo ankazungulitsa ndi manja chinthu chopangidwira ana. Mu 2009 nyuzipepala ya The Guardian inawerengera kuti, kuti mjigo umodzi ukwanitse kupatsa madzi anthu onse amene unalonjezedwa, ana anayenera kusewera maola 27 pa tsiku. Kumidzi yakutali otsatsa malonda sanabwere, ndalama zokonzera zinasowa, ndipo anthu sakanatha kukonza okha monga achitira ndi mjigo wa Afridev, umene komiti ya madzi imaumasula ndi sipanala n'kugula zosinthira m'sitolo. Mtengo wake unali pafupifupi madola 14,000, kuposa kangapo mtengo wa mjigo wapamanja. Ku Mozambique kafukufuku anapeza kuti m'malo ena anachotsa mjigo wakale n'kuikapo watsopanowu osafunsa eni mudzi.

Anthu amene anapereka ndalamazo sanali oipa mtima kapena opusa. Cholakwika chinali chakuti anakulitsa ntchito asanabwerere kukaona tsiku wamba, popanda kamera, kuti akuzungulitsa ndani. Alendo akafika ana ankathamangira kukasewera, chithunzi n'kujambulidwa, uthenga wa kulephera n'kutsala m'mudzi. Tiyamikire chinthu chimodzi: mu 2010 Jean Case wa Case Foundation analemba poyera kuvomereza kuti njirayi sinayende monga ankayembekezera, chinthu chimene opereka thandizo ambiri sachita.

8. Zikanakhala bwanji bungwe likanapanda kubwera?

Pali funso lina limene ngakhale bungwe loona mtima limaiwala. Tiyerekeze kuti bungwe lagawa mbewu, ndipo chaka chimenecho anthu akolola zambiri. Kodi ndi mbewuzo, kapena ndi mvula imene inagwa bwino? Kuti tidziwe timafuna gulu lofananitsira, ndiko kuti anthu ofanana ndi olandira thandizo m'zonse, kupatula kuti iwo sanalandire. Alangizi a zaulimi amachita zomwezi pa munda wachitsanzo: ndime ziwiri zoyandikana, dothi limodzi, mvula imodzi, koma ina yothira manyowa, ina yopanda.

M'zaka za m'ma 1990, kumadzulo kwa Kenya ku Busia, bungwe la ICS linalola katswiri wa zachuma Michael Kremer ndi anzake kuyesa ntchito zake motere. Sukulu zolandira mabuku zinasankhidwa mwamaere, zina n'kudikira. Aliyense ankayembekezera kuti mabuku akweza zotsatira za mayeso, popeza ana ambiri analibe. Koma zotsatira za ana ambiri sizinasinthe. Amene anapindula ndi okhawo amene ankakhoza kale. Mabukuwo anali m'Chingerezi, chilankhulo chachitatu kwa ana ambiri a kumeneko, ndipo anali ovuta kuposa pamene iwo anali. Kenako, kuyambira 1998, bungwe lomwelo linayesa kupereka mankhwala a njoka za m'mimba m'sukulu 75, ndipo kujomba kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pa mtengo wochepa kwambiri pa mwana aliyense. Akatswiri ena anatsutsa kukula kwa phindu la mankhwalawa, ndipo mtsutsowo ndi wabwino, chifukwa ukuchitikira pa umboni umene aliyense angauyeze. Kremer analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Esther Duflo ndi Abhijit Banerjee chifukwa cha kafukufuku wa mtundu umenewu.

Si bungwe lililonse lingakwanitse kafukufuku wamkulu chotere. Koma ngakhale kabungwe ka pa mpingo kangathe kulemba mmene zinthu zilili kasanayambe ntchito, ndi kuyang'ana mudzi woyandikana nawo umene sunalandire kanthu.

9. Za ndalama za mu ofesi

Anthu ambiri amayeza bungwe poona kuchepa kwa ndalama zimene limawononga mu ofesi. Nkhawayi ili ndi maziko, pakuti tonse taonapo magalimoto odula ndi misonkhano ya kunyanja imene phindu lake silioneka. Koma muyezowu paokha ndi wosakwanira. Woyendera ntchito wa BRAC uja, kabotolo kake, labotale ndi ofufuza amene anatulukira za mitundu inayi ya kutsekula, onsewa sanamwetse mwana ngakhale mmodzi, ndipo m'mabuku ambiri a ndalama akanalembedwa ngati zowonongera ofesi. Mukanawachotsa kuti lipoti lioneke bwino, bungwe likanayendera makomo mamiliyoni osadziwa kuti madziwo sakumwedwa. Funso loyenera ndi lakuti ndalamazo zagula chiyani.

10. Kukonzekera kuchoka

Mlendo ndi mame, ndipo pulojekiti nayonso ili ndi tsiku lotha. Bungwe lanzeru limadzifunsa kuyambira tsiku loyamba kuti likadzachoka ntchito idzatsala m'manja mwa yani. Mayankho amakhala atatu: m'manja mwa anthu eni ake, m'manja mwa boma, kapena m'manja mwa amalonda. Ku Bangladesh zonse zitatu zinachitika. Luso linatsala mwa amayi, amene anaphunzitsa ana awo aakazi. Zipatala za boma zinapitiriza kupereka madziwo. Ndipo timapaketi totsika mtengo titayamba kupezeka m'timasitolo ta kumidzi, amayi anali okonzeka kugula chifukwa ankadziwa kale ntchito yake. BRAC sinaumirire kuti anthu azisakanizabe gur poti ndiyo njira imene inatchuka nayo. Cholinga chinali mwana wamoyo. Kwathu kuno timapaketi totere timatidziwa ndi dzina la Thanzi ORS, ndipo ndi timene muyenera kugwiritsa ntchito potsata malangizo a alangizi a zaumoyo, pamodzi ndi mankhwala a zinki amene WHO ndi UNICEF akhala akulimbikitsa kuyambira 2004.

BRAC inaganiziranso za moyo wake womwe. Mu 1978 inatsegula sitolo za Aarong zogulitsa zovala ndi zaluso zopangidwa ndi amayi a kumidzi, pambuyo pake inalowa m'malonda a mkaka ndi ena, ndipo phindu limabwerera ku ntchito za bungwe. Bungwe lokhala ndi ndalama zakezake limatha kukana pulojekiti yosagwirizana ndi cholinga chake, pamene lodalira wopereka thandizo mmodzi limasintha mtundu ngati bilimankhwe, chaka chino za Edzi, chaka chamawa za nyengo, kutsata kumene kwagwa ndalama. Abed anamwalira mu December 2019, BRAC ili m'gulu la mabungwe aakulu kwambiri pa dziko lonse.

Ntchito ya kunyumba

Sankhani chikwangwani chimodzi cha pulojekiti imene inatha zaka ziwiri kapena kuposerapo zapitazo m'dera lanu. Lembani m'kope lanu makwerero anayi aja, ndipo pansi pa lililonse lembani zimene mungapeze. Mukapereka ulemu kwa amfumu ndi kupempha chilolezo, musathere kwa wapampando wa komiti, chifukwa iye anazolowera kuyankha alendo. Ngati ndi pulojekiti ya madzi, pitani pa mjigo m'mamawa kwambiri, muthandize kupopa, ndipo mufunse amayi kuti unawonongeka liti komaliza, anakonza ndani, ndipo ndalama zinachokera kuti. Ngati ndi ya mbuzi, pemphani kuti akuonetseni khola, muwerenge nokha. Funsaninso ngati munthu wa bungwelo anabwerako chichokereni. Mubwere ndi mayankho sabata yamawa, ndipo mulembe mawu a anthuwo monga anawanenera, osawakongoletsa.